Jeke Inafa Galimoto Ili M'malere

Kalavani ija anagula ndi amuna anga, ine ndisakufuna. Zinali m'zaka za mliri zija, tonse titatsekeredwa m'nyumba ku Brampton, pafupi ndi Toronto, iwo atatopa ndi kuyang'ana makoma. Tsiku lina ndinangoona akulowetsa pabwalo kanyumba koyera ka matayala, kokhala ndi bedi, kakhitchini ndi kachimbudzi m'kati mwake. Ndinawafunsa ngati tinawoloka nyanja zonsezi kuti tizidzagona kutchire. Anaseka, nati ndikayese kaye kamodzi. Ndinayesa, ndipo ndinazolowera. Yanga inali ntchito yolongedza zakudya ndi zofunda. Zokoka, zomanga ndi zamagetsi zinali zawo, poti kuntchito kwawonso ankakonza makina onyamulira katundu m'nyumba zikuluzikulu zosungiramo malonda zimene zadzaza mzinda wathu.

Kenako anadwala sitiroko. Anatuluka m'chipatala dzanja lamanja litafa, mwendo akuchita kukoka, koma chimene chinawapweteka koposa ndi mawu. Chingerezi chinapita pafupifupi chonse. Chichewa chinatsala, koma chodukaduka. Chinthu ankachidziwa bwinobwino m'mutu, pakamwa n'kutuluka dzina la china. Akafuna supuni ankati khasu. Akafuna kuti nditseke zenera ankati chivundikiro. Ndinaphunzira kutsata maso awo ndi dzanja lawo lamanzere, komabe masiku ena tinkalepherana, iwo n'kukagona atakwiya.

Kalavani inakhala pambali pa nyumba chaka chathunthu, chipale chofewa cha m'nyengo yachisanu chikuikwirira n'kusungunuka. Nyengo yotentha itabweranso anayamba kumaima pazenera n'kumaiyang'ana. Mkamwini wathu, amene amayendetsa mathiraki opita ku America, ndiye anazindikira. Anati, "Amayi, ndikuphunzitseni kukoka. Abambo akaoneko mitengo." Masabata angapo anandiphunzitsa pabwalo loimikapo magalimoto kutchalitchi, mpaka ndinayamba kubwerera chammbuyo osagunda kanthu.

Tinapita kumalo ogonako anthu a makalavani mu Okutobala, m'kati mwa sabata, anthu atchuthi atabwerera kale kumizinda. Malowo ali kumpoto kwa Toronto, ulendo wa maola angapo, m'mbali mwa kamtsinje. Masamba anali atafiira n'kuyamba kuyoyoka, ndipo makalavani a anthu ena anali atakutidwa ndi malona kudikira chisanu. Tinakhala masiku ochepa mwamtendere. Amuna anga ankakhala pampando wopinda atafunda bulangeti, akuonerera madzi, ndipo anadya bwino kuposa mmene ankadyera kunyumba.

Mwana tili naye mmodzi, wamkazi. Anabadwira ku Blantyre koma anabwera kuno asanayambe sukulu, choncho tikamulankhula Chichewa amayankha Chingerezi. Amakhala ku Hamilton ndi mwamuna wake uja, ndipo nthawi imeneyo anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, mimba yoyamba. Ine kwathu ndinali mzamba. Kuno ndimasamalira okalamba ku North York, koma uzamba suchoka m'manja. Tisananyamuke ndinamuyang'ana mapazi ndi m'maso, ndinaona kuti ali bwino. Mwamuna wake anali atanyamula katundu wopita kutali kummwera kwa America.

Kutsogolo kwa kalavani kuli zitsulo ziwiri zokumana ngati mphuno. Pamphunopo pali chipewa chachitsulo chimene chimavala kampira kachitsulo ka kumbuyo kwa galimoto. Pomwepo paima jeke yamagetsi, mwendo umodzi wautali, yokhala ndi batani lokwezera ndi kutsitsira komanso kagetsi kounikira. M'mawa wa tsiku lobwerera kunali mvula yamawawa. Ndinabweza galimoto, ndinatsitsa chipewa pakampira, ndinatseka loko wake. Chotsatira, monga anandiphunzitsira mkamwini, chinali kukweza zonse pamodzi, mphuno ya kalavani ndi kumbuyo kwa galimoto, kuti ndikoleke mipiringidzo iwiri yogawa kulemera. Ndinadina batani. Jeke inalira monga mwa masiku onse, galimoto n'kuyamba kunyamuka kumbuyo. Itafika pamwamba kulira kuja kunalemera, kenako zii.

Ndinadinanso. Kukweza ayi, kutsitsa ayi. Sindinade nkhawa kwenikweni, poti tinalibe chotithamangitsa. Ndinaitana amuna anga, amene anali atakhala pakhomo la kalavani.

"Bambo, chinthu chanu chija chakana."

Akuyamba kudzuka ndi ndodo yawo, foni inalira patebulo lapanja, pokhapo pamene netiweki inkagwirako.

"Amayi," anatero mwana wanga, m'Chichewa, "ndikutaya magazi."

Ndinamufunsa kuti ochuluka bwanji, ooneka bwanji. Anabwerera ku Chingerezi, akupuma mothamanga. Anali akuda, anali atanyowetsa thaulo, ndipo m'mimba munkapweteka osalekeza.

"Gwira mimbayo. Ndi yofewa?"

"Yalimba, Amayi. Ngati thabwa."

"Mwana akusuntha?"

"Sindikudziwa."

Mzamba aliyense amadziwa tanthauzo la magazi akuda ndi mimba yolimba ngati thabwa. Nsengwa imakhala yayamba kumatuka mwana asanabadwe. Ndinaziona kangapo kuchipatala kwathu, amayi obwera nawo panjinga kuchokera kumidzi, ndipo ndimakumbukira nkhope za amene anapulumuka ndi za amene sanapulumuke. Ndinamuuza mofatsa, ndi mawu anga akuntchito, kuti adule foni aimbire ambulansi, atsekule chitseko chakutsogolo, agonere kumanzere, asadye kapena kumwa kanthu. Ndinati ife tikunyamuka pompano.

Nditatembenuka ndinapeza amuna anga ataima akundiyang'ana. Anali atamva. Kumva amamva zonse.

"Kalavani itsale," ndinatero. "Timasule galimoto tizipita."

Ndinagwira loko wa chipewa chija kuti ndimutsekule. Sanasunthe ndi pang'ono pomwe. Kumbuyo konse kwa galimoto kunali kukulendewera pachipewacho, ndipo loko anali atapanikizika. Ndinakoka ndi manja awiri, ndinapondera ndi phazi, kenako ndinatola mwala n'kuyamba kumenya. Amuna anga anandigwira mkono.

"Ayi. Mwendo. Mwendo."

Ankaloza mapazi anga, amene anali pansi pa bampala. Loko akanatseguka, galimoto ikanagwera pomwepo.

Ndinataya mwala uja n'kulowa m'galimoto. Ndinaliza injini. M'mutu mwanga munali chinthu chimodzi chokha, kuti ndikakoka mwamphamvu mwendo wa jeke upindika kapena kuthyoka, tizipita tikuukwekwereza. Ndinalowetsa giya. Nditakweza maso ndinawaona kutsogolo kwa galimoto, dzanja lamanzere lili paboneti, mvula ikutsika padazi lawo. Mpaka lero sindidziwa kuti anafikapo bwanji msanga chotero ndi mwendo umenewo.

Ndinatsitsa galasi. "Chokani, bambo."

Anapukusa mutu.

"Mwana akufa. Chokani."

Sanachoke. Anatukula ndodo n'kuloza kumbuyo, ndipo ndinakumbukira masilinda awiri a gasi amene anamangidwa pamphuno pomwepo, moyandikana ndi jeke. Ndinazimitsa injini.

Ndinathamangira kuofesi ya malowo, imene ili pageti. Panali potseka, ndipo pachitseko analembapo kuti abwera madzulo. Pobwerera ndinagogoda kalavani iliyonse imene inalibe lona, ndikuitana m'Chingerezi. Palibe anayankha. Ndinabwerera patebulo paja n'kuyamba kuimba mafoni, nditaima chilili osasuntha kuti netiweki isathawe. Othandiza magalimoto ofera panjira anati poti pali kalavani pafunika galimoto yapadera, ndipo ingafike pakapita maola. M'katauni kapafupi munali takisi imodzi yokha, ndipo inali itaperekeza munthu kubwalo la ndege. Ndinaimbira mayi wina wa ku Chipata amene timapemphera naye, namwino wa ku Hamilton komweko. Anali atangoweruka kumene.

"Osadandaula, amake mwana," anatero m'kalankhulidwe kakwawo. "Niyenda manje manje ku chipatala. Sazankala eka."

Kenako ndinaimbira mkamwini. Anali atamva kale, ataimika thiraki m'mbali mwa msewu kudziko la eni, akulira ngati mwana. Ndinamuuza kuti atonthole kaye andithandize. Anati jeke iliyonse yamagetsi ili ndi handulo yopukusira ndi manja, ndipo yathu iyenera kukhala m'kabati yakutsogolo kwa kalavani. Anayamba kunena zina, koma mawu anadukaduka, foni n'kuduka. Ndinayesanso kangapo, sinalowe.

Ndinatsekula kabati ija n'kutulutsa zonse. Mapaipi a madzi, matabwa oponderapo matayala, thumba la makala, mbedza zawo zophera nsomba, nyali yakale, chingwe choyanikira zovala, zonse ndinaponya pamatope. Ndinalowetsa mutu ndi mapewa m'katimo ndikupapasa m'makona. Handulo munalibe. Ndinafufuza pansi pa bedi, pansi pa mipando, m'madilowa a masupuni. Sitinadziwe kumene inapita, ndipo sitinaipezenso.

Amuna anga anali ataima pajeke. Anagogoda pamwamba pake ndi chala, pakachivundikiro ka labala. Nditakachotsa ndinaona mutu wa chitsulo, pamene handulo imayenera kulowa. Ndinaganiza za sipanala ya matayala. Chitseko cha kumbuyo kwa galimoto chinatseguka pang'ono chabe n'kugunda mutu wa jeke, choncho ndinalowera chitseko cham'mbali, n'kukwawa pamwamba pa mipando ndi zikwama, mayi wamkulu ngati ine, mpaka ndinaipeza. Inali yaikulu. Inkangozungulira pachitsulo chija osagwira. Ndinayesa pulayala. Inagwira pang'ono n'kupulumuka, zala zanga n'kukamenya m'mphepete mwa chitsulo. Ndinayesanso, n'kupulumukanso. Khungu la pazala linasupuka, magazi akusakanikirana ndi girisi ndi mvula, chitsulo chija osatembenuka.

Iwo anandikankha pang'ono ndi chigongono kuti ndisiye. Ndi nsonga ya ndodo anatsata waya wochoka pajeke kupita kubatire la kalavani, mpaka anaima pakabokosi kakuda kokhala pakati pa wayayo.

"Diso," anatero.

Ndinakatsekula. Munali fyuzi. Ndinaiyang'anitsa kumwamba monga ndinkawaonera iwo akuchitira, ndipo kawaya ka m'kati kanali kathunthu. Anaiyang'ananso okha, nagwedeza mutu kuti ndiibwezere. Analoza kalavani n'kutsekula ndi kutseka chikhatho. Ndinalowa n'kuyatsa magetsi. Anawala bwinobwino. Ndinatsekula mpope, pampu inalira mwamphamvu. Batire linali ndi moto. Fyuzi inali yamoyo. Waya sanaduke paliponse. Chilichonse chinali bwino, ndipo galimoto inali ikadali m'malere.

Nditatuluka ndinawapeza atayatsa kagetsi ka pajeke kaja. Kankayaka mofooka, kofiirira ngati khala lotsala pang'ono kuzima. Anadina batani ndi chala chachikulu, kagetsi kanazimiratu. Atasiya, kanabwerera. Anachita zimenezi kangapo, atawerama, mvula ikulowa m'khosi mwa jekete lawo. Kenako anawongoka, nkhope itasintha.

"Pansi," anatero.

"Pansi chiyani, bambo?"

"Pansi. Pansi."

Ankagogoda ndi ndodo chakumunsi kwa jeke. Ine ndinayang'ana phazi lake, limene linaponda pathabwa, thabwalo lili pamiyala. Ndinaganiza kuti akunena kuti ndikumbe, kuti phazi lititimire, galimoto itsike. Ndinatenga kankhwangwa kathu kowazira nkhuni ndi chivundikiro cha poto, ndinagwada n'kuyamba kutema. Pansipo anathirapo miyala yaing'onoing'ono n'kuitsendera mwamphamvu, moti nkhwangwa inkangodumpha. Ndinatema, ndinakokolola ndi chivundikiro, ndinatemanso. Anandikoka chipewa cha jekete.

"Ayi. Pansi."

"Pansi ndi pano, bambo. Pansi pena ndi pati?"

"Moto," anatero. Milomo inkagwedezeka ikufunafuna. "Moto. Njira. Pansi."

Foni inalira patebulo paja. Anali namwino wa kuchipatala, mzungu wolankhula mwachangu. Anati mwana wanga wafika, mtima wa khanda ukugunda mochedwa, ndipo akupita naye kufiyeta nthawi yomweyo. Anati mwana wangayo akufuna kundimva mawu, koma ndifulumire.

"Amayi, muli pati?"

"Tikubwera, mwana wanga."

"Muli mumsewu?"

Ndinayang'ana galimoto ija, matayala akumbuyo akungokhudza pansi, katundu wathu ali mbwee pamatope.

"Tikubwera," ndinatero.

"Ndikuopa, Amayi."

Ndinayamba pemphero, koma ndisanafike pakati ndinamva mawilo a bedi akugubuduka, zitseko zikutseguka, wina n'kudula foni.

Ndinakhala pansi pomwepo, pamatope. Ndakhala ndikulandira ana a anthu ena zaka zambiri. Ndinagwira manja a amayi osawadziwa akulowa kufiyeta, ndikuwauza kuti ndidzakhala pomwepa akamadzuka. Wanga yekhayo analowa ndi alendo. Ndinkadziwa chilichonse chimene chinali kuchitika m'chipinda chimenecho, mpeni pamene udzere, magazi amene atuluke, nthawi imene madokotala amasiya kulankhulana n'kumangotambasula manja. Kudziwako sikunandithandize kanthu. Ndinalira mokweza monga timalirira kwathu, m'nkhalango ya eni mopanda womva.

Nditatopa ndinadzuka n'kuwauza maganizo anga. Ndinati ndiwalowetsa m'kalavani, ndiwayatsira chotenthetsera, ine ndiyende wapansi mpaka kumsewu waukulu ndikaimitse galimoto iliyonse. Msewuwo unali kutali, ndipo ndinkadziwa kuti ndikuwasiya okha munthu amene sangathe kuimba foni kapena kufotokoza dzina la mankhwala ake. Koma ndinalibe nzeru ina.

Anakana ndi mutu. Anatsekula pakamwa, mawu osatuluka. Anadzimenya pantchafu ndi chibakera, kawiri, katatu, misozi ikutsika. Chidwalireni ndinali ndisanawaone akulira.

Apo ndinakumbukira zimene ankachita mayi amene ankawaphunzitsa kulankhula kuchipatala. Ndinawagwira dzanja lija kuti asiye kudzimenya.

"Bambo, dzina lake lisiyeni. Ndiuzeni mmene chimaonekera."

Anatseka maso. Anapuma.

"Njoka."

"Njoka. Chabwino. Imodzi?"

Anatukula zala ziwiri. "Yofiira." "Yakuda."

"Zili kuti?"

Analoza kumbuyo kwa galimoto.

Majampa. Mawaya aja olumikizira batire lakufa ku lamoyo. Ndinali nditawaona pokatenga sipanala, atakulungidwa pambali pa tayala lapadera. Ndinakwawanso pamwamba pa mipando ija n'kuwatulutsa. Ndinathamangira kutsogolo kuti nditsekule boneti, poganiza kuti akufuna tithire moto wa galimoto m'batire la kalavani.

"Ayi," anatero. "Kuno."

Analanda waya wofiira n'kumuponya pambali. Anandipatsa kamwa limodzi la wakuda, naloza mutu wa batire la kalavani, umene uli ndi chizindikiro chochotsera. Ndinalumitsa pomwepo. Kamwa linalo analigunditsa pathupi la jeke, pachipaipi chake chakuda. Ndinalumitsanso, n'kudina batani. Palibe chinachitika.

Anapukusa mutu, nakanda utoto wa pachipaipicho ndi chikhadabo.

"Nsomba," anatero. Anayendetsa dzanja uku ndi uku, monga munthu wopala mamba.

Ndinathamangira m'kakhitchini n'kutenga mpeni. Ndinapala utoto uja mwamphamvu, ukugwa timagawo takuda, mpaka chitsulo choyera chinaonekera. Chipaipicho n'chobulungira, ndipo kamwa la jampa linkangopulumuka. Iwo anatsamiritsa ndodo pasilinda ya gasi, anayedzamira mphuno ya kalavani ndi m'chiuno, nagwira kamwa lija ndi dzanja lamanzere, akulikanikiza pamene ndinapalapo. Anandiyang'ana.

Kagetsi kaja kanali katawala mbee. Ndinadina batani lotsitsira. Jeke inalira, ndipo kumbuyo kwa galimoto kunayamba kutsika pang'onopang'ono mpaka matayala anaponda zolimba.

Mkamwini anadzandifotokozera pambuyo pake chimene chinavuta. Jeke imeneyi ili ndi waya mmodzi yekha wobweretsa moto. Pobwerera kubatire motowo umadzera m'thupi la jeke, m'mabawuti amene anaimangira, ndi m'chitsulo cha kalavani. Njira yobwererayo ndi imene amagetsi amaitchula ndi mawu a Chingerezi otanthauza nthaka. Chaka chija kalavani inangokhala panja, dzimbiri linadya pansi pa mabawutiwo, ndipo katundu wolemera wa tsikulo anamaliza kanjira kamene kanatsala. Amuna anga anazindikira atangoona kagetsi kakuzima. Mawu amene anawapeza ndi akuti pansi, ndipo sanalakwe.

Galimoto itakhazikika, loko uja anatseguka ndi zala ziwiri. Panatsala kukwezanso mphuno kuti chipewa chivuke pakampira. Ndinadina lokwezera. Tili pakati dzanja lawo linaterereka, jeke n'kukhala chete, mtima wanga n'kuima nayo. Anapukuta chikhatho pathalauza, nagwiranso. Inaliranso. Chipewa chinavuka ndi kaphokoso, galimoto inagwedezeka n'kukhala payokha.

Ndinawathandiza kukwera, ndinawamanga lamba, ndinazungulira kuti ndikalowe kwanga.

"Unyolo," anatero, momveka bwino ngati munthu amene sanadwalepo.

Maunyolo awiri otetezera ndi chingwe cha magetsi a mabuleki zinali zikadali zokolekedwa kugalimoto. Ndinatsika n'kuzimasula. Ndinatenga kachikwama ka mankhwala awo kokha. Mipando, makala, mapaipi ndi majampa omwe tinazisiya pamatope pomwepo, chitseko cha kalavani ndinangochikankha.

Za ulendowo ndimakumbukira zochepa. Mvula inakula titafika pamsewu waukulu, mathiraki akutithira madzi pagalasi. Zala zinayamba kupweteka tsopano, ndipo chiwongolero chinkamata ndi magazi ndi girisi. Amuna anga anagwira foni pamwendo, akuiyang'ana osaphethira. Pamene magalimoto anathithikana kumadzulo kwa Toronto ndinayamba kupemphera mokweza, mapemphero opanda mutu, ndikungobwereza kuti Ambuye ndisiyireni mwana wanga. Za khanda sindinapemphe. Ndinkadziwa zambiri, ndipo ndinkaopa kupempha zonse.

Foni inalira tikuyandikira Hamilton, machumuni a mafakitale a zitsulo akuonekera m'nkhungu kutsidya kwa madzi. Iwo anadina n'kundiyandikizira kukhutu. Anali mayi wa ku Chipata uja.

"Atuluka mu fiyeta," anatero. "Ataya magazi maningi, akuwaika ena. Koma ali moyo."

Ndinalephera kufunsa funso linalo. Anandiyankha yekha.

"Mwana ni mkazi. Kang'ono maningi. Ali pa makina, koma apuma."

Ndinapatukira m'mbali mwa msewu n'kuima, chifukwa maso sankaonanso. Amuna anga anaika foni pansi, nagwira dzanja langa limene linali pagiya, ndipo tinakhala choncho mathiraki akutigwedeza podutsa.

Kalavani anakaitenga mkamwini sabata yotsatira. Anamasula jeke, anapala dzimbiri lonse, namangirira waya wina wochoka pathupi lake kupita kubatire. Khanda linakhala m'chipatala mpaka chipale choyamba chitagwa, ndipo lero ndi kamtsikana kothamanga kosagwirika. Koma tsiku limenelo zonsezi tinali tisanazidziwe.

Titafika, namwino wa kuchipinda cha ana obadwa masiku asanakwane anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Matope anali ataumira m'mawondo mwanga, jekete la amuna anga likudontha. Anatipatsa malaya a pepala ovala pamwamba, natilozera sinki, sopo ndi kaburashi. Ndinatsuka manja anga nthawi yaitali, girisi akukana kuchoka m'zikhadabo, mabala akuluma ndi sopo. Kenako ndinatsuka awo, lamanzere, ndi lamanja lomwe, ndikutambasula zala zake chimodzichimodzi.

Khandalo linali m'kabokosi kagalasi, timapaipi tili m'mphuno ndi pamchombo, kachifuwa kakukwera ndi kutsika mofulumira. Ndinayang'ana mtundu wa milomo yake ndi manambala a pamakina, monga mwa chizolowezi changa, ndipo ndinaona kuti akulimbana. Amuna anga anaika chikhatho pagalasi n'kuima pomwepo mpaka mwendo unatopa.

Mwana wanga tinamupeza m'chipinda china, atatuwa, thumba la magazi likulendewera pambali pake. Mayi wa ku Chipata anadzuka pampando n'kutisiyira malo. Ndinakhala pamenepo ndikumusisita pamphumi mpaka anatsekula maso. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana bambo ake, kenako zala zanga.

"Mwatani manja?" anafunsa ndi mawu osasa.

"Ndidzakuuza tsiku lina."

"Mwamuona?"

"Tamuona."

"Akufanana ndi ndani?"

"Sanayambe kufanana ndi munthu," ndinatero. "Mupatse kaye masabata."

Anayesa kuseka, bala linamupweteka, anasiya. Anapempha madzi. Ndinakafunsa namwino, anati ayi, koma anandipatsa kathonje konyowa koti ndizimupukuta milomo.